Amayi pa mipando ya m'mudzi mpaka ku khonsolo: tiyambire pati kuno ku Chigwa cha Shire?

Nyatembo (Bangula):
Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumagwira ntchito yolimbikitsa amayi pa utsogoleri. Msonkhano uliwonse wa chitukuko kuno, kaya kwa Tengani kaya kwa Mbenje, amayi ndiwo amadzaza mphasa, abambo owerengeka pa mabenchi. Koma ikafika nthawi yosankha komiti, wapampando mwamuna, wachiwiri mwamuna, mlembi mwamuna, mayi n'kumupatsa usungichuma wa thumba lopanda kanthu. Maphunziro a jenda achitika osawerengeka. Chikulakwika n'chiyani? Ndipo wachinyamata amene akufuna kuti ntchito imeneyi ikhale yake yeniyeni ayambire pati? Za m'mawekishopu tazimva kale, tipatseni zogwirika.

NaPhiri (Ngabu):
Achemwali, choyamba n'kudziwa kuti mipando siilingana. Ina ili ndi makwerero, ina ilibe.

VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi, imakhala pa gulupu. ADC, komiti ya chitukuko cha dera, imakhala pa mfumu yaikulu, T/A. Amene amachoka ku VDC kukakhala mu ADC ndi wapampando ndi wachiwiri wake. Msungichuma sapita. Ndiye mayi amene mwamuombera m'manja kuti "ndi wokhulupirika, asunge ndalama" amatha zaka zitatu osakhalapo pa tebulo limodzi ndi khansala, osamva alangizi a boma akupereka malipoti, osadziwa kuti zopempha za mudzi wake zinafera pati. Mnzake amene anangokhala wachiwiri kwa wapampando, ngakhale asalankhule kwambiri chaka choyamba, akudziwika dera lonse la T/A. Anthu amene amadzaima pa ukhansala ambiri amachokera pamenepo.

Choncho mpando womenyera ndi wa wapampando, ukakanika wa wachiwiri, kenako wa mlembi. Usungichuma ubwere pomalizira. Ndipo chisankho chisanayambe, pamaso pa agulupu ndi mlangizi wa chitukuko amene akuyendetsa, anthu agwirizane kuti wapampando akakhala mwamuna wachiwiri akhala mkazi. Zimenezi zinenedwe mayina asanatchulidwe. Mukazinena mayina atatchulidwa kale, zimaoneka ngati mukulimbana ndi munthu.

China: mfumu si wapampando wa VDC. Amfumu ndi alangizi. Pamene agulupu akungoloza ndi chala kuti uyu, uyu ndi uyu, si chisankho chimenecho, ndipo mlangizi wa chitukuko ali ndi mphamvu yonena kuti chibwerezedwe.

Aphunzitsi Opuma (Nchalo):
Ndionjezepo pa zimene anena mayi NaPhiri. Chisankho cha komiti chimatha dzana lake. Tsiku lenilenilo anthu amangobwera kudzakweza manja.

Sabata ziwiri chisanachitike amayi akumane paokha. Malo abwino ndi ku banki mkhonde, chifukwa amakumana kale sabata iliyonse ndipo palibe amene amafunsa kuti mukukatani. Agwirizane dzina limodzi pa mpando umodzi. Taonani masamu ake: ovota 60, amayi 36, abambo 24. Amayi akaimika awiri n'kugawana 18 ndi 18, bambo mmodzi wa mavoti 24 wadutsa. Ndipo amuna odziwa ndale za m'mudzi amazidziwa zimenezi. Amatchula dala dzina la mayi wachiwiri, mokoma mtima ndithu, kuti mavoti agawike. Mayi wachiwiriyo adziwiretu zoyankha: "Zikomo, koma ine ndili pambuyo pa mayi awa."

Akonzeretu wotchula dzina ndi wovomereza. Wotchulayo asazengereze, mlangizi akangoti tchulani mayina aimirire pomwepo. Zimathandiza ngati wovomereza ndi bambo wolemekezeka, mkulu wa mpingo kapena wa komiti ya sukulu.

Pali pena pamene ambiri amagwera. Mayi wa kuno akatchulidwa amayamba ndi kukana, "ayi ine sindingathe, aikeni ena", pomwe mumtima akufuna. Ndi ulemu wathu umenewo, amayembekeza kuti amukakamize kawiri. Woyendetsa chisankho sakakamiza, amangoti akana, tchulani wina. Ndiye muyeserereni kunyumba, aimirire, anene mawu awiri okha: "Ndavomera, zikomo."

Kavotedwe nakonso. Kukweza dzanja mwamuna wako, apongozi ndi a nyakwawa akukuyang'ana si ufulu. Pemphani kuti opikisana apite kuseri kwa kalasi, kapena muvote ndi njere za chimanga m'zitini, chitini chimodzi munthu mmodzi, woyendetsa agawe njere imodzi imodzi. Osadziwa kulemba savutika nazo.

Pomaliza nthawi. Msonkhano woitanidwa 2 koloko masana mu Okutobala kuno suyamba 2 koloko, dzuwa lake mukulidziwa. Umayamba cha m'ma 3, malonje ndi zolankhula za akuluakulu mpaka 4:30, amayi ayamba kunyamuka kukatunga madzi ndi kusonkha moto, chisankho n'kuchitika atatsala abambo. Pemphani kuti chisankho chikhale choyamba pa ndondomeko. Ndipo madzi akaphwa, miyezi imene anthu amagonera ku madimba, funsani kaye kuti amayi ali kumudzi tsiku liti.

Bambo a Chisomo (Chikwawa Boma):
Aphunzitsi afotokoza bwino. Ine ndikuti musaiwale komiti ya malo, chifukwa pamenepo simukupempha chifundo, lamulo linakupatsani kale. Lamulo la malo a makolo la 2016 limati komiti ya malo pa gulupu ikhale ndi agulupu ngati wapampando ndi anthu ena 6 osankhidwa ndi anthu a m'deralo, ndipo mwa 6 amenewo osachepera 3 akhale amayi. Kuno ku Chikwawa, ndi ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira ija, kulembetsa malo si nkhani ya m'mabuku ayi. Dzina limene lalowa pa pepala lero ndilo lidzalandira phindu la munda mawa.

Zimalakwika pawiri. Poyamba, amayi atatuwo amapezeka kuti ndi akazi a agulupu, mlongo wawo ndi mlamu wawo. Chiwerengero chakwana, koma palibe amene angatsutse. Kachiwiri, tsiku loyenda m'malire amanyamuka mbandakucha osawauza amayi a mu komiti, eti kuthengo n'kutali. Chonsecho milandu yonse ya malire imagamulidwa pomwepo, pa chulu ndi pa mtengo wa msangu, osati pansi pa mtengo wa bwalo. Mayi wa mu komiti ya malo akhale ndi nambala ya kalaliki wa malo ndipo afunse yekha tsiku loyenda.

Ntchito yake yaikulu ndi kukumbutsa mabanja kuti mwamuna ndi mkazi angathe kulembetsa munda m'mayina onse awiri. Mwamuna akamwalira, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, koma mayi amene dzina lake lili kale pa pepala savutika ngati amene akuyamba kufotokoza pa maliro.

Nyamalunga (kwa Ndamera):
Takhuta nonse. Koma tisaiwale kuti Chigwa si chimodzi. M'midzi ya Amang'anja, kumene mwamuna amabwera kudzakhala chikamwini, mayi ali kwawo, malume ake ali pomwepo, ndipo anyakwawa aakazi si achilendo. Kwathu kwa Asena mkazi amapita kwa mwamuna, chuma chinaperekedwa, ndipo ngakhale atakhala zaka 20 pamudzipo, likafika tsiku la mpando wina amanong'ona kuti ndi wobwera, angatilamule bwanji. Njira imene yagwira kwa Kasisi singagwire chimodzimodzi kwa Chimombo.

Kuno yambani ndi amayi amene mudzi unasiya kale kuwatcha obwera: amene ana awo ndi akuluakulu, atsogoleri a Mvano, a Dorika, a amayi a Chikatolika, ogulitsa nsomba ndi mpunga pamsika amene anazolowera kutsutsana ndi amuna pa mtengo, a mother group pasukulu. Amenewa amatha kale kuyendetsa msonkhano, chimene akusowa ndi mpando basi.

Ndipo pitani kunyumba kwake mwamuna ali pomwepo. Mupite awiri, bambo ndi mayi. Nenani zinthu zinayi momveka: misonkhano ndi kangati pa mwezi, imachitikira kuti, amabwerako dzuwa lisanalowe, ndipo palibe malipiro. Chachinayicho musachibise. Mabanja ambiri amakangana chifukwa mwamuna anamva kuti ku komiti kuli alawansi, ndiye akuganiza kuti mkazi akubisa.

Tadala (Makhuwira):
Pepani amayi, apa sindikugwirizana nanu. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 sanena kuti mkazi apemphe chilolezo kwa mwamuna kuti aime pa mpando. Tikamapita kukagwada kwa mwamuna, tikuphunzitsa mudzi kuti mpandowo ndi wa mwamunayo.

Nyamalunga (kwa Ndamera):
Mwana wanga, sindinati mukapemphe. Ndati mukamuuze, asamve kwa anzake pa bawo. Inu mukamaliza msonkhano mumakwera njinga yamoto n'kubwerera ku Boma, mayiyo amabwerera m'nyumba momwemo. Akamenyedwa, imeneyo ndi nkhani ina, pali lamulo la nkhanza za m'banja la 2006 ndi ofesi ya Victim Support ku polisi, ndipo pamenepo sitinyengerera. Koma amayi ambiri amene amasiya mpando patangotha miyezi itatu sanamenyedwe. Anangotopa ndi kufunsidwa kuti unali kuti.

Tadala (Makhuwira):
Ndamva. Bola mawu amene tikunena pakhomopo akhale akuti "asankhidwa, tabwera kudzakufotokozerani", osati "kodi mungawalole".

NaPhiri (Ngabu):
Eya, pamenepo mwagwirizana. Tsopano wasankhidwa, kenako? Apa ndi pamene mabungwe ambiri amajambula chithunzi n'kuchoka, chonsecho ntchito ikuyamba kumene.

Mugulireni kope lachikuto cholimba ndi mabolopeni awiri. Msonkhano uliwonse alembe tsiku, amene anabwera, zimene anagwirizana, amene atumidwa, ndi tsiku lobweretsa yankho. Ngakhale si mlembi, akhale ndi kope lake. Pa msonkhano wotsatira, iye akangoti "pa 14 mwezi watha tinagwirizana kuti a uje akaonane ndi a zamadzi, atiuze", komiti yonse imayamba kumuopa mwaulemu. Amene salemba bwino ayende ndi mwana wa Fomu 2 womulembera, palibe manyazi. Kopelo lisungidwe mu jumbo, pamwamba. Kuno madzi akabwera usiku satifunsa.

Achenjerenso ndi misonkhano ya kuseri. Amuna atatu amakumana pa grosale n'kumaliza nkhani, ku komiti amangobwera kudzadziwitsa. Mankhwala ake ndi funso limodzi: zimenezi zili pa maminitsi a tsiku liti? Ndipo ngati ndi wosayinira ku banki kapena pa fomu yolandirira zipangizo, asasayine pepala lopanda manambala, asasayine matumba a simenti amene sanawawerenge ndi maso ake. Zinthu zikasowa, dzina limene lili pa pepala ndilo limaitanidwa, ndipo mudzi umadzati mwaona, tinanena kuti akazi sangathe.

Mlangizi wa ku East Bank (tsidya la kum'mawa kwa Shire):
Funso lachiwiri la mayi Nyatembo silinayankhidwe, la poyambira pa ntchito imeneyi. Ntchito yake yeniyeni ndi adivokase, kutanthauza kukakamiza adindo kuti achitepo kanthu. Anthu amaganiza kuti ndi kuguba ndi zikwangwani. Kuguba ndi kotsiriza, ndipo nthawi zambiri sikufunika n'komwe. Ndipereke chitsanzo chongoyerekeza cha mjigo.

Musanene kuti "kuno kuli vuto la madzi". Bwanamkubwa amamva zimenezo tsiku lililonse. Nenani chinthu chimodzi chimene munthu mmodzi angachite pofika tsiku lodziwika: mjigo wa pamudzi wakuti madzi ake ndi amchere, mabanja akuti akutunga mumtsinje mmene muli ng'ona, tikupempha kuti ulowe mu pulani ya chaka chino. Manambalawo amayi awerenge okha khomo ndi khomo, kaundula wa a nyakwawa ndi wa alangizi a zaumoyo akuthandizeni kutsimikiza. Nambala imodzi yabodza ikagwidwa, zonse zimene mwanena zagwa.

Kenako dziwani njira imene pempho limayenda. Limayamba mu pulani ya mudzi ku VDC, lipite ku ADC kumene amasanja zofunika kwambiri, lipite ku khonsolo kumene limadutsa mu komiti yake, ya zomangamanga, ya zaumoyo, ya maphunziro, kenako ya zachuma, lisanafike pa msonkhano wa khonsolo yonse. Pempho limene silili pa maminitsi a ADC ndi losavuta kulikana. Ndipo dziwani kalendala. Chaka cha ndalama za boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, kutanthauza kuti bajeti imakonzedwa miyezi ya m'mbuyo mwake, nthawi yomwe ife tili pakati pa dzinja ndipo misewu ya ku East Bank yaduka. Wobwera ndi pempho mu Meyi amauzidwa kuti bajeti inadutsa, ndipo si bodza. Pempho lifike ku ADC mvula isanayambe.

Kalata ikhale ya tsamba limodzi, makope awiri. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo ndi tsiku n'kubwerera nayo. Mukafuna kudziwa kuti ndalama za ntchito yakuti zinali zingati ndipo kontilakita ndani, pali lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mumalemba kwa ofesala woona za uthenga ndipo ayenera kuyankha m'masiku 15 ogwira ntchito. Ambiri sayankha pa nthawi yake, koma kalata yodindidwa ija ndiyo mumapita nayo ku Malawi Human Rights Commission, imene imayang'anira lamuloli.

Pokumana ndi adindo musapite gulu la anthu 30. Anthu 5 akwana: wofotokoza, wa manambala, mayi amene vutolo likumukhudza, wolemba, ndi wofunsa funso lomaliza lakuti tibwere liti. Wa bungwe akhale kumbuyo, atseke pakamwa. Ngati wa bungwe ndiye akulankhula, adindo amaona pulojekiti. Akamalankhula mayi wa pamudzipo amaona ovota.

Wailesi ya m'dera ngati Nyanthepa ibwere pambuyo poti makalata awiri sanayankhidwe. Mukafika poguba, lamulo la polisi limafuna kuti mudziwitse Bwanamkubwa polemba, osachepera maola 48 tsikulo lisanafike.

Aphunzitsi Opuma (Nchalo):
Ameneyo ndiye mayi amene patapita zaka zitatu anthu amayamba kumuuza okha kuti imani ukhansala. Osati amene mwamutola ku wekishopu miyezi iwiri chisankho chisanachitike.

Achimwene a ku Sorgin:
Tilowe pa ukhansalapo, chifukwa 2030 si kutali kwa amene akufuna kukonzeka. Kumbukirani kuti makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014. N'chifukwa chake mpaka pano anthu ena amaona khansala ngati mnyamata wa phungu. Mayi woima ayenera kutha kufotokoza mu mphindi ziwiri kuti khansala ndiye amakhala mu khonsolo kuvomereza bajeti ya khonsoloyo ndi kufunsa mmene yagwiritsidwira ntchito.

Zofunika: akhale nzika, wa zaka 21 kapena kuposa, wolembetsa mu kaundula wa voti, wotha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Mphunzitsi, namwino kapena aliyense wa ntchito ya boma ayenera kusiya ntchito kaye, ndiye aganize kawiri, makamaka ngati penshoni yatsala pang'ono. Ndalama yoperekera mapepala ku MEC, bungwe loyendetsa zisankho, amayi amalipira theka la ya abambo. Pa fomu pamafunika masiginecha a ovota a mu wodi yomweyo. Tengani oposa amene akufunika ndipo onani ziphaso zawo ndi maso, chifukwa kuno anthu amasamuka ndi madzi, wina akukhala mu wodi yanu koma analembetsa kutsidya.

Koma chisankho chachikulu si chimene chimagwetsa amayi. Amagwa pa mapulaimale, chisankho cha m'chipani chopezera woimira chipanicho. Ovota pamenepo si anthu onse, ndi nthumwi za maeliya a chipani. Amene akusunga mndandanda wa maeliya ndiye wagwira mpeni. Zimene zimachitika: maeliya atsopano amabadwa sabata yomaliza, malo ovotera amasinthidwa usiku, nthawi imasinthidwa kuchoka 9 koloko kupita mbandakucha, lole ya mnzanu imanyamula nthumwi zake zanu zikudikira kabaza. Kumene amavota poima pamzere kumbuyo kwa munthu, nthumwi imene inadya za wina singaime kumbuyo kwanu iye akuona.

Chochita: alowe chipani msanga, zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo asangokhala wovina. Alowe mu komiti ya eliya kapena ya konsitichuwense. Apemphe mndandanda wa nthumwi wosayinidwa, polemba kalata, kutatsala mwezi kuti mapulaimale achitike. Tsiku ndi malo azipeze polembedwa. Ausiku wa tsikulo nthumwi zakutali zigone pafupi. Akaberedwa, adandaule polemba tsiku lomwelo. Kuima payekha n'kotheka ndipo ena amapambana, koma adziwe kuti mamonita, mayendedwe ndi zonse zidzachoka m'thumba mwake.

Nyatembo (Bangula):
Nanga ndalama? Amayi ambiri amathera pamenepo.

Achimwene a ku Sorgin:
Awerengetse kuyambira kumapeto. Tsiku lovota ndilo loyamba kulisungira ndalama: malo oponyera voti mu wodi ndi angati, monita pa malo aliwonse ndi wina womulandira, chakudya chawo, mayunitsi, tochi, ndi mayendedwe. Kwa Nyachikadza kapena ku Makhanga onjezani bwato. Monita asachoke mpaka atalandira pepala la zotsatira losayinidwa, ndipo asasayine pepala lofufutidwa. Za tipeksi za 2019, zimene zinachititsa khoti kufafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020, zinatiphunzitsa tonse. Ambiri amamaliza ndalama pa misonkhano ya zoimbira, tsiku lovota alibe womuyang'anira mavoti.

Kampeni yovomerezeka ndi masiku 60 ndipo imatha maola 48 kuvota kusanayambe. Kwa khansala, khomo ndi khomo ndi timisonkhano ta anthu 20 pa mjigo kapena pa chigayo zimaposa msonkhano waukulu wa utse ndi likhuba, umene anthu amabwerera gule. Asakongole ku banki mkhonde kapena kwa akatapila chifukwa cha kampeni. Akagwa, ngongole imamuchotsera ndi ulemu umene anali nawo mu gulu. Kugawa ndalama lamulo la zipani la 2018 linaletsa, ngakhale tonse tikuona zimene zimachitika. Zitenje ndi malaya a chipani si mlandu. Koma mayi asayese kupikisana pa kugawa ndi mwini ng'ombe 200, sangamufike. Mphamvu yake ndi kope lija: mjigo uwu ndinautsata ine, kalata yake nayi.

Ndipo malonjezo a "mayi musadandaule, mudzi wonse uli pambuyo panu" asawawerengere. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

NaPhiri (Ngabu):
Akonzekerenso kutukwanidwa. Mwamuna amanenedwa kuti ndi wakuba, mkazi amanenedwa za thupi lake ndi za kuchipinda. Wosakwatiwa ati hule, wokwatiwa ati akulamulidwa ndi mwamuna, wamasiye ati anadya mwamuna. Ndi uja mwambi wa ng'ombe yaikazi sikoka ngolo sulephera. Yankho lake si kukalipa, ndi mayina. Joyce Banda anakhala pulezidenti kuyambira 2012 mpaka 2014. Catherine Gotani Hara anakhala sipikala woyamba wamkazi mu 2019. Kuno kwathu komwe Esther Mcheka Chilenje wa ku Nsanje North anakhala wachiwiri kwa sipikala, Abida Mia anapambana ku Chikwawa Nkombezi mu 2019 n'kudzakhala nduna ya zamadzi. Kaya mumawakonda kaya ayi, kaya chipani chawo si chanu, awiri omalizawa anavoteredwa ndi anthu a m'Chigwa momwe muno.

Zotukwana za pa WhatsApp ndi Facebook azijambule zisanafufutidwe, nambala ndi tsiku zioneke. Lamulo la 2016 la za pa intaneti limaletsa kuzunza munthu mwanjira imeneyo. Za pa msonkhano wa kampeni zipite ku komiti ya zipani zonse ya paboma, imene wapampando wake ndi Bwanamkubwa, komanso ku polisi ngati pali kuopseza.

Musaganizenso kuti chiwerengero chikakwera sichitsika. Mu 2014 amayi a ku Nyumba ya Malamulo anatsika kufika 32 pa mipando 193. Lamulo la 2013 loti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi lili ndi 40 ndi 60 pa kulemba anthu ntchito m'boma, koma silikhudza mipando yovoteredwa. Pa voti palibe mpando wosungidwira mayi.

Bambo a Chisomo (Chikwawa Boma):
Kwa achinyamata ofuna kuti ikhale ntchito yodyera. Sukulu zilipo: Magomero ku Chiradzulu ya za chitukuko cha m'midzi, University of Malawi ku Zomba ya za ndale ndi kayendetsedwe ka boma, Catholic University ku Nguludi. Koma pepala lokha silikulowetsani. Ambiri amayamba mongodzipereka, ku NICE (bungwe lophunzitsa anthu za demokalase), ku CCJP (bungwe la Akatolika la chilungamo ndi mtendere) ya dayosizi ya Chikwawa, kapena mu CBO (gulu lodzipereka la m'dera) ya kwawo. Zimene olemba ntchito amayang'ana kuno: kulankhula Chisena ndi Chimang'anja osati Chichewa cha ku Lilongwe chokha, kulemba lipoti la masamba awiri lomveka, kuwerenga bajeti ya khonsolo, ndi laisensi ya njinga yamoto. Atsikana, laisensiyo musaisiyire anyamata, ndiyo imasiyanitsa pa intavyu.

Dziwaninso kuti ntchito zake ndi za makontilakiti a chaka chimodzi mpaka zitatu, ndipo ndalama za nkhani ya amayi pa ndale zimakonda kufika chisankho chitayandikira, mapulaimale atadutsa kale. Wanzeru amaphunziranso za malo, za ngozi zogwa mwadzidzidzi kapena za kuteteza ana, kuti zaka za pakati asakhale pakhomo.

Woyambitsa gulu lake: CBO imalembetsedwa kudzera ku ofesi ya social welfare paboma, bungwe lalikulu ku NGORA, ofesi yoyang'anira mabungwe omwe si a boma. Musanayambe ntchito mukaonekere ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe paboma, kenako ku ADC ndi kwa amfumu. Wolumpha makwerero amenewa amapeza bwalo lopanda anthu.

Ndipo sankhani chimodzi. Ngati ndinu wolimbikitsa amayi onse, nsalu ya chipani isaoneke pathupi panu, ngakhale pa maliro. Mu wodi imodzi mukaima amayi awiri a zipani zosiyana, onse alandire maphunziro ofanana tsiku limodzi. Mukafuna kuima nokha, tulani pansi kaye. Mukasakaniza, amayi amene munawaphunzitsa amadzaoneka ngati munkawakonzera kampeni yanu.

Nyamalunga (kwa Ndamera):
Mpando wina umene sitinautchule ndi wa komiti ya ngozi ndi wa pa msasa. Madzi osefukira a 2015, anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023, nthawi zonsezi makomiti a pa msasa amasankhidwa tsiku loyamba kapena lachiwiri, anthu ali ndi mantha, amayi ali kalikiliki kufuna ana ndi pophikira. Amene aima pafupi ndi galimoto ya boma ndiwo amalowa. Kenako amenewo ndiwo amagwira kaundula wa olandira ufa, ndipo nkhani za kugona ndi mtsikana kuti dzina lilowe zimayambira pomwepo.

Mayina a amayi olowa mu komiti ya msasa agwirizanidwe mu Novembala, ku komiti ya ngozi ya pamudzi, madzi asanabwere. Pa tebulo lolembera mayina pakhale mayi. Pogawa pakhale mayi. Mndandanda uwerengedwe mokweza pagulu usanatumizidwe, ndipo amayi amasiye ndi a pa mitala alembedwe ngati mabanja paokha, apo ayi thumba limapita ku nyumba imodzi. Bokosi la madandaulo lisaikidwe pakhomo pa tenti ya wapampando.

Tadala (Makhuwira):
Funso laling'ono. Gulu la amayi 25, ndalama zilipo za tsiku limodzi lokha. Tiphunzitse chiyani?

Aphunzitsi Opuma (Nchalo):
Musaphunzitse, yeserani. M'mawa chitani chisankho chabodza, ndi wotchula, wovomereza, njere ndi zitini, wina akhale bambo wotchula mayi wachiwiri kuti aone mmene zimachitikira. Masana aliyense aimirire mphindi ziwiri, atchule dzina lake, vuto limodzi la pamudzi ndi chimene akufuna chichitike, anzake akumusokoneza dala ngati pabwalo. Ndalama ya fanta mugulire makope 25. Ndipo musanabalalike funsani mlangizi wa chitukuko wa dera lanu kuti nthawi ya VDC imene ilipo ikutha mwezi uti, mulembe tsikulo pa tsamba loyamba la kope lililonse.